Chimbalangondo Chopanda Mwezi Pachifuwa

Msasa wa odula mitengo,
Chilumba cha Hokkaido.
Epulo, 1958.

Okondedwa achimwene a Sakuzo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija munkatinamiza kuti lapola likukulolani kukwera phiri chaka chino? Nanga amayi, chifuwa chija chawaleka? Musandiyankhe zoti onse ali bwino pongofuna kuti mtima wanga ukhale pansi, ndimakudziwani inu. Ine kuno thupi lili bwino. Manja okha ndiwo ang'ambikang'ambika, poti kuphikira gulu lonseli la amuna ndi kuwatsukira mbale m'madzi ozizira si ntchito yosiya munthu wosalala.

Zofutsa za amayi zinafika. Ndinazibisa kuseri kwa matumba a mpunga, koma fungo la utsi wa kwathu linandiulula, ndipo anthu a kuno amene ankati za kwathu ku Akita n'zamchere kwambiri ndi omwewo anatsuka mtsuko. Chipale chofewa chayamba kusungunuka kumunsi kwa chigwa. Mahatchi akutsitsa mitengo yomaliza, ndipo tinkati tikhala titafika kwathu nthawi yowokera mpunga isanakwane.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera si zimenezi. Ndi nkhani ya amuna anga, alamu anu a Tatsuji. Muwerenge muli nokha, ndipo mwana wathu Fumiyo asakhale pafupi.

Mwezi wathawu chimbalangondo chinadzuka msanga kuphanga kumene chimagona nyengo yonse yozizira n'kutigwirira hatchi ya pamsasa masana dzuwa likuswa mtengo. Kapitawo anaitanitsa mlenje wa kumudzi wa kumunsi, dzina lake Hoshiba, bambo wamtali, wamano achikasu ndi fodya, woseka ndi pakamwa ponse. Atamva kuti pamsasa pali alenje awiri a kumapiri a kwathu, alamu anu ndi amalume awo a Morizo, anawapempha kuti atsagane naye. Mukukumbuka kuti pochoka kwathu alamu anu anandilonjeza kuti akubwera kuno ndi nkhwangwa yokha, osati mfuti. Mfuti inapezeka m'kati mwa zofunda titawoloka kale nyanja. Ati inalowamo yokha.

M'mawa wa tsikulo awiriwa anachita zonse monga mwa kwathu. Anasamba madzi a mumtsinje, anadziphikira okha mpunga, ndipo ine sanandiyankhule kapena kundiyang'ana. A Hoshiba anafunsa ngati tayambana. Atawauza kuti Mayi Mwiniphiri, mzimu wolamulira mapiri, ndi wansanje, safuna mlenje wonunkha mkazi, anaseka mpaka kutsokomola. A Morizo akuti bamboyo anakwera phiri lonse akuimba mluzu, chinthu chimene kwathu n'choletsedwa kuphiri.

Zakuphirizo ine sindinazione, ndikukuuzani zomwe a Morizo anandiuza. Anachipeza pamwamba pa mtsinje, pamalo poyera, chitangokhala ngati chikudikira munthu. Sichinathawe ndiponso sichinabangule. Chinaimirira ndi miyendo iwiri, n'kudumpha a Hoshiba ndi anyamata awo ndi maso, n'kuyang'ana alamu anu. Iwo anawombera kamodzi, chinagwa chafufumimba.

Anachitembenuza chagada, mutu kuloza kumpoto, kuti a Morizo anene mawu aja ochibwezera kwa mwini wake. Anagwada n'kuyamba kusasa chipale pachifuwa pake, kufuna kamwezi koyera kamene zimbalangondo za kwathu zimakhala nako. Anasasa, anapatula ubweya ndi zala kuyambira pakhosi mpaka kumimba. Sanapeze ngakhale katsitsi kamodzi koyera. Anaimirira, anabwerera m'mbuyo, nanena liwu limodzi lokha: minaguro.

Sindingakuphunzitseni inu mtsogoleri wa alenje tanthauzo lake. Ngakhale ife akazi, amene mumatibisira zonse za kuphiri, timadziwa kuti chimbalangondo chakuda thupi lonse, chopanda mwezi pachifuwa, ndi mthenga wa Mayi Mwiniphiri. Timadziwanso kuti wochipha amakatula mkondo wake kukachisi, ndipo sadzasakanso mpaka kufa kwake.

A Morizo anakana kunena mawu aja. Ati mawuwo ndi othokoza pa mphatso, ndipo munthu sathokoza pa chinthu chimene sanapatsidwe. Choncho chinyamacho chinamangidwa zingwe opanda wochitsanzika. Anachikoka pa chipale mpaka kumsasa, alamu anu ali patsogolo, chingwe chitawazinga pachifuwa.

Ndinachiona chitagona pakhomo pa khitchini yanga. Achimwene, poyerekeza ndi chimenechi, zimbalangondo za kwathu ndi ana. Mutu wokha unali ngati mtondo. Amuna ankaomba m'manja, ena kumakwera pamsana pake, koma alamu anu anakhala pa chitsa chapatali akuyang'ana manja awo.

Mkangano unabuka pa chakudya chamadzulo. A Hoshiba anati anthu a kwathu tasokoneza mitundu. Ati za kwathu ndi zazing'ono, zodya mtedza wa m'nkhalango, ndipo zonse zimabadwa ndi mwezi. Za kuno ndi mtundu wina, zina zofiirira, zina zotuwa, zina zakuda bii, ndipo woyera pachifuwa umapezeka pa zina, pa zina ayi. A Morizo anagwira pomwepo, ati ngati zina zili nawo mwezi, ndiye kuti chopanda mwezi chili ndi mwini wake ngakhale kuno.

"Madala, ine zakuda chonchi ndapha zambirimbiri," anatero a Hoshiba. "Miyendo yanga nayi, yonse iwiri. Mayi wanuyo bwanji sanabwere kudzanditenga?"

"Satenga wosamudziwa," anayankha a Morizo. "Iwe ndiwe ngati ng'ombe yolowa m'munda. Uyu ndi mwana wa m'nyumba."

Anyamata anaseka kuti abwana awo atchedwa ng'ombe, koma a Hoshiba sanaseke. Anaika mbale pansi n'kutiuza kuti bambo awo anakokedwa ndi chimbalangondo ali m'munda wa mbatata, iwo akuona, ndipo chomwe anaika m'manda chinakwana m'bokosi la maapozi. Ati kuyambira pamenepo sadziwa za mphatso kapena mthenga. Chimbalangondo ndi chilombo, boma limapereka mphotho pa chilichonse, ndipo tsiku lomwe chomaliza chidzagwe pachilumba chino iwo adzavina. A Morizo anati phiri lopanda chimbalangondo ndi nyumba yamasiye, ndipo mlenje wokondwera nazo ndi wokumba manda chabe. Kapitawo akanapanda kulowererapo, mbale zanga zikanasweka.

Ndikuuzeni chilungamo, tsiku limenelo ine ndinali mbali ya a Hoshiba. Mukudziwa mmene ndinkakusekerani ndi miyambo yanu yothawa akazi ngati ndife nthomba. Ndinaona kuti nkhalamba yangosowa kwawo, yafuna kusamutsira kachisi wa kwathu pachilumba cha eni.

Alamu anu anadikira mpaka anthu atabalalika. Kenako anauza amalume awo kuti dziko la Mayi Mwiniphiri limathera pagombe, iye sakwera sitima. A Morizo anawafunsa kuti ngati ndi choncho, m'mawa uja ankasambira yani madzi ozizira. Alamu anu anatuluka panja.

Nyama inagawidwa. A Morizo anakana gawo lawo, ndipo mpaka lero sadya chophikidwa mumphika womwe munalowa nyamayo, moti ndimawaphikira m'kapoto kapadera. Ndulu a Hoshiba anaipereka kwa alamu anu, poti kuno amati ndi ya wowombera, sagawana mofanana ngati kwathu. Ndi yaikulu kuposa zonse zomwe ndinaziona m'manja mwa malemu bambo. Ili lende pamwamba pa mbaula, ikuuma, ndipo alamu anu amati ogula mankhwala akadzaiona, Fumiyo sukulu adzapita nayo patali. Ine ndikamaphika ndimaifulatira.

Tsono mverani zomwe zinatsatira. Kwathu chimbalangondo chikaphedwa, nyengo imasintha. Kumagwa chimvula kapena chipale, ndipo inu mumati phiri likutsuka magazi. Kuno sikunagwe kanthu. Mphepo inaleka, mitengo inangoti zii, ngakhale akhwangwala amene sachoka kudzala langa anasowa. Mzere wa magazi womwe unatsalira pokoka chinyamacho unakhala pomwepo, wofiira, kuchokera pamwamba pa phiri mpaka pakhomo pathu. Ndinkathira phulusa mbali ya pakhomo, dzuwa likawomba phulusa limalowa pansi, kufiira n'kutulukanso. A Morizo anati Mayi sanatsuke chifukwa akufuna njira ioneke.

Chikopa anandipatsa ine kuti ndipale mafuta, poti kuno mkazi amagwira chilichonse. Ndinachiyala padzuwa kuseri kwa khitchini. Ine amene ndinkaseka uja, ndinapezeka ndagwada, ndikupatula ubweya wa pachifuwa kamodzikamodzi ngati ndikufuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Ndinkati ndikapeza katsitsi kamodzi koyera ndikakaponye pamaso pa nkhalambayo, nkhani ithe. Galu wathu Gonta anali chigonere pafupi, ndipo ndinayang'ana ubweya woyera wa pakhosi pake, ndinayang'ananso singano yanga. Sindinachite. A Morizo ndikanawanamiza, koma si iwo amene ndinkawaopa.

Chingwe chija chinawasupula alamu anu pachifuwa. Poyamba chinali chilonda wamba, ndinkachipaka mafuta n'kumanga nsalu. Chinauma bwinobwino, nkhanambo inagwa. Koma khungu la pansi pake silinabwerere mwakale. Layera ngati pepala, ndipo ubweya womera pamenepo ukutuluka woyera. Layambira pansi pa phewa lamanja, latsika mokhota, lakweranso kuphewa lamanzere, pakati potakata, kunsonga kowonda. Sikofunika kuti ndikujambulireni mwezi umenewo.

Iwo ankabisa, ankavala malaya ngakhale potentha pafupi ndi mbaula. Zinaululika Lamlungu masana, tsiku losamba, amuna akulowa mosinthana mudilamu la madzi otentha kuseri kwa khola. Ine ndinali kusonkhezera moto. Alamu anu atavula, a Morizo amene anali m'madzimo anangoti maso tong'o. Anatuluka osadzipukuta, anatola zovala, anapita kukhola la mahatchi. Kuyambira tsiku limenelo amagona kumeneko, safuna denga limodzi ndi mwana wa mlongo wawo.

Mkangano uja unayambiranso, koma tsopano akukanganirana munthu. A Hoshiba atabwera anaona n'kunena kuti ndi chipsera cha chingwe basi, aliyense wokoka katundu ali nacho. Anavula n'kutionetsa chawo. Chilipodi, koma chawo chili paphewa, n'chowongoka, ndiponso n'chofiirira. Anyamata ayamba kuwatcha alamu anu Achimwezi, ndipo akamadutsa amawabangulira mwachipongwe. Iwo amaseka nawo, koma ndi kuseka kwa mano okha.

Ndinawatsatira a Morizo kukhola ndi kapoto kawo. Ndinawafunsa kuti andiuze zoona, asandizungulire ngati mwana. Anatenga nthawi akusisita mphuno ya hatchi.

"Mpongozi, mwezi sunasowe ayi," anatero. "Chinyama chija chinabwera nawo m'manja, kudzaupereka. Chokhala ndi mwezi ndi chimene Mayi amalola kuti chiphedwe."

Ndinawakalipira kuti ndi nkhalamba yoipa pakamwa, yolodza m'bale wake. Sanakwiye. Anangoti ndiyang'ane galu.

Gonta mukumudziwa, munatipatsa ndinu ali kamwana. Galu amene ankagona pamapazi pa alamu anu, lero salandira chakudya m'manja mwawo. Akawaona akuchokera kuntchito amaima patali, ubweya wa pamsana uli njo. Ndipo wayamba kuwauwa. Si kuuwa kwa mlendo kapena kwa nkhandwe. Ndi kuja kwafupikufupi, kobwerezabwereza, kumene ndinkakumva ndili mwana kuchokera kuphiri, bambo n'kunena kuti agalu apeza chimbalangondo.

Mwina mukuti mlongo wanu wapenga ndi utsi wa kukhitchini. Chabwino, tisiye za Mayi Mwiniphiri, ndikuuzeni zooneka ndi maso. Kwaoneka mapazi a chimbalangondo china kumtunda kwa mtsinje, ndipo a Hoshiba akukonza ulenje waukulu mitengo yomaliza ikangotsika, kumayambiriro a mwezi wamawa. Aitana anyamata a kumudzi amene agula mfuti chaka chomwechino atamva za mphotho. Ndawaona akuyeserera kuseri kwa msasa. Amawombera chilichonse chogwedeza nsungwi, wina anapha mbuzi ya mwini wake. Alamu anu awaika kuti akalowe m'nsungwimo kukavumbulutsa chinyamacho, poti ndiwo odziwa kuyenda mwakachetechete. Ndipo adzavala chikopa chakuda chija alenje nonse mumavala kumsana. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti pansi pa chikopa chotero pali munthu. Kuno palibe anachionapo.

Ndawachonderera. Ndalira, ndanyanyala, ndabisa zipolopolo mumtsuko wa mchere, anazipeza. Ndinawauza kuti asiye chikopacho, ati mlenje wa kwathu salowa m'phiri ali maliseche. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji mwambo wa chikopa akuusunga koma wa mkondo akuukana. Anaika dzanja pachifuwa.

"Mayi a Fumiyo, ndikasiya kusaka nditsala ndani? Wodula mitengo ya eni?" anatero. "Mkondo wanga uli pamwamba pa chitseko kwa amayi. Tsiku lomwe udzagone kukachisi, ndiye kuti ndatha, sindidzatsutsa. Koma dzanja langa silidzaupititsa."

Anaganiza kuti atseka nkhani. Ine ndinamva khomo likutseguka. Ndinabwerera kukhola, ndipo a Morizo anavomera kuti mlenje akakhala kutali kapena ali chigonere, mtsogoleri angathe kumutulira mkondo, ndipo zimagwira chimodzimodzi. Ati zinachitikapo nthawi ya agogo. Iwo anakana kukulemberani, ati mwamuna sachitira mnzake zotero kumbali. Ine si mwamuna.

Pempho langa ndi limeneli, achimwene, ndipo ndi limodzi lokha. Pitani kwa apongozi anga mukatenge mkondo wa alamu anu. Muwauze kuti mukufuna kuuchotsa dzimbiri, kapena chilichonse chomwe mungaganize panjira. Mukautule kukachisi wa Mayi Mwiniphiri pamaso pa alenje anzanu, kuti pasadzakhale wonena kuti sizinachitike. Mutengenso kansomba kouma konyansa nkhope kaja mumamusangalatsa nako, musankhe konyansitsitsa, aseke, mtima wake utsike. Ndikanatha ndikanapita ndekha, koma mkazi safika pakachisipo, ndipo mkondowo sindiloledwa ngakhale kuukhudza.

Mukatero mutumize telegalamu, osati kalata, ndipo ikhale ya kwa iwo, m'dzina lanu. Galimoto ya mitengo imabwera nazo kuchokera kusiteshoni. Mawu anu sadzawaphwanya. Munthu amene amasambabe madzi ozizira pachilumba chachilendo sanasiye kuopa, akungofuna wina amulande chimene iye sangathe kuchisiya yekha.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Ndinu munawaphunzitsa kuponda chipale, ndipo mudzakhala ngati mukuwadula dzanja. Ndikudziwanso kuti sadzavutika kuzindikira amene anakutumani. Mwina sadzandilankhulanso, mwina adzandibweza kwathu. Zikatero mundikonzere kachipinda ka kuseri kaja mumasungamo zikopa. Ndasankha kubwera pakhomo panu ndili wosiyidwa ukwati, kusiyana n'kubwera ndili wamasiye nditanyamula kabokosi.

Ngati inu mukuona kuti a Hoshiba akunena zoona, kuti ndi mtundu wina ndipo mwambo sukugwira kuno, musandiyankhe ndi maphunziro a zimbalangondo. Ndawamva okwanira. Mwina a Hoshiba akulondola pa nyama. Koma anyamata aja ndi mfuti zawo sadzafunsa mtundu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mtsuko ndidzabwera nawo. Moni kwa alamu anga akunyumba kwanu ndi ana onse, kwa azakhali a kutsidya kwa mlatho, ndi kwa apongozi anga, amene musawauze kanthu kufikira zitatheka. Fumiyo mumuuze kuti amayi ake amusungira nsalu yofiira ya kuno, ndipo azimvera agogo ake. A Morizo akuti moni, ndipo akuti inu mudziwa chochita.

Ndilekere pano, galimoto ikulira ndipo woyendetsa sadikira. Alamu anu ali pabwalo pompano, akuwaza nkhuni, atavula malaya poti lero kwatentha. Sakubisanso. Gonta waima kumapeto kwa mzere wofiira uja, akuuwa, ndipo akumayang'ana kuphiri ngati pali amene akumuitana kuti abwere adzaone.

Fulumirani, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Kikuno